Zam'kati mwa kompyuta: amaphunzitsa chiyani, nanga amayesa bwanji?

Lero tikambirana za phunziro limodzi lokha mwa maphunziro ambirimbiri amene ana athu amakumana nawo kusukulu zaukachenjede. Pandandanda limalembedwa kuti Computer Architecture, kwina Computer Organisation and Architecture. Ophunzira ambiri amaliopa. Makolo ambiri sanalimvepo n'komwe, chonsecho fizi yake amalipira ndi iwo. Tiyeni tilitsegule tione zomwe zili m'katimo, kenaka tifunsane ngati kayesedwe kake kamatiuzadi zoona za mwana amene akuti wakhoza.

Mukamayenda mumsewu wa Masauko Chipembere kuchokera pa Ginnery Corner kulowera ku Chichiri, mumadutsa sukulu imene ambirife timaitchulabe kuti Poly. Idayamba mu 1965, idakhala nthambi ya University of Malawi kwa zaka zoposa 50, ndipo mu 2021 idaima payokha n'kutenga dzina loti Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Pamenepo pali achinyamata amene akuphunzira Information Technology, ena Information Systems, enanso uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta. Anzawo ali kuyunivesite ya MUST ku Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014, ena ku Zomba, ena ku Mzuzu, ena m'sukulu zomwe si zaboma. Munthu wofuna digiri ya sayansi kapena uinjiniya wa makompyuta, kaya ku Blantyre, ku Nairobi kapena ku London, salizemba phunziro ili. Dzina lingasinthe, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Funso lomwe limayankha ndi ili: mukadina foni yanu kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, chimachitika n'chiyani kunsi kwa galasilo? Wolemba mapulogalamu amalemba mawu ooneka ngati Chingerezi. Koma purosesa, kachipangizo kochepa kamene kamagwira ntchito yonse, sikamva Chingerezi ndipo sikamva Chichewa. Kamangodziwa zinthu ziwiri basi: pano pali magetsi, pano palibe. Ndiye 1 ndi 0 amene mumamva aja. Phunziroli limamutenga wophunzira kuchokera pa 1 ndi 0 mpaka kukamufikitsa pa makina otha kutsata malamulo mamiliyoni pa sekondi imodzi.

Kawirikawiri limatenga semesita imodzi, miyezi ngati inayi. Sabata yoyamba mphunzitsi amapereka pepala lotchedwa course outline, lomwe limanena mitu yonse, mabuku oyenera kuwerenga ndi kagawidwe ka malikisi. Pepala limeneli ndi pangano pakati pa mphunzitsi ndi ophunzira, koma ambiri amalipinda n'kuliiwala m'chikwama. Nthawi ya sabata imagawidwa patatu. Pali malekicha, pomwe mphunzitsi amalankhula ophunzira n'kumalemba. Pali matutoriyo, pomwe amasovera limodzi mafunso m'magulu ang'onoang'ono. Ndiye pali labu, pomwe munthu amayenera kugwira ndi manja ake zimene wamva ndi makutu. Gwiritsitsani mawu akuti labu, chifukwa mkangano wathu wonse wagona pamenepo.

Masabata oyamba ndi a masamu a 1 ndi 0. Nambala 13 imalembedwa 1101. Malo amodzi osungira 1 kapena 0 amatchedwa biti, ndipo mabiti 8 amatha kusunga nambala kuyambira 0 mpaka 255. Mukawonjezera 1 pa 255, malo atha, nambala ija imabwerera pa 0 mwakachetechete, osakuuzani. Ophunzira amaziona ngati zachibwana. Koma mu June 1996 roketi ya ku Ulaya yotchedwa Ariane 5 idaphulika patangotha masekondi ngati 40 chinyamukire, chifukwa pulogalamu ina idakakamiza nambala ya mabiti 64 kulowa m'malo a mabiti 16. Nambala idasefukira, roketi idasochera, ndalama zankhaninkhani zidapsa m'mwamba. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amayamba ndi nkhani imeneyi, ndipo m'kalasi simukhalanso woodzera.

Akachoka apo amalowa m'timageti totchedwa AND, OR ndi NOT, tomwe timapangidwa ndi matiranzisita. Ukalumikiza timageti tingapo umapeza chipangizo chophatikiza manambala, ukawonjezera tina umapeza chochotsera ndi choyerekeza. Mbiri ya zipangizo zimenezi ndi yaifupi modabwitsa. Kompyuta ya ENIAC, yomwe idamalizidwa ku America mu 1945, idali ndi mavalavu pafupifupi 18,000 ndipo inkadzaza chipinda chachikulu. Tiranzisita idatulukira mu 1947 ku Bell Labs. Mu 1971 kampani ya Intel idatulutsa purosesa yotchedwa 4004 yokhala ndi matiranzisita 2,300. Lero purosesa ya foni yabwino ili ndi mabiliyoni. Ndipo taonani kugundana kwa zaka: mu 1965, chaka chomwe Poly inkatsegula zitseko zake, Gordon Moore adalemba kuti chiwerengero cha matiranzisita pakachipangizo kamodzi chizichuluka kawiri chaka ndi chaka. Patatha zaka 10 adakonza mawu akewo n'kunena kuti zaka ziwiri zilizonse. Choncho sukulu ya pa Chichiri ndi yamsinkhu umodzi ndi lamulo la Moore.

Pakatikati pa semesita pamabwera dzina la John von Neumann, amene mu 1945 adalemba lipoti lofotokoza kompyuta yosunga malamulo ndi manambala m'memori imodzi. Purosesa imatenga lamulo m'memori, kulimasulira, kulichita, n'kubwereranso kukatenga lina. Imangozungulira chomwecho mpaka muzimitse. Apa mpamene ophunzira amayamba kulemba m'chilankhulo cha assembly, ndipo apa mpamene misozi imayambira. Munthu wozolowera Python kapena Java, amene amaphatikiza manambala ndi mzere umodzi, tsopano ayenera kunena yekha kuti tenga nambala iyi m'memori, uiike mu rejisita yakuti, tenganso iyo, uziphatikize, yankho ukalisunge pakuti. Purosesa ya MIPS, yomwe sukulu zambiri zakhala zikuphunzitsira, ili ndi marejisita 32 a ntchito wamba, timalo tosungira manambala m'kati mwake, ndipo ukasokoneza imodzi pulogalamu yonse yapita.

Mabuku amene amamveka kwambiri pa phunziroli padziko lonse ndi la David Patterson ndi John Hennessy, lotchedwa Computer Organization and Design, komanso la William Stallings. Patterson ndi Hennessy adalandira mphoto ya Turing ya 2017 chifukwa cha maganizo awo akuti purosesa ikhale ndi malamulo ochepa, osavuta, koma othamanga, maganizo otchedwa RISC. Maganizo amenewo muli nawo m'thumba. Mafoni a Tecno, itel ndi Samsung amene adzaza m'mashopu a ku Limbe amayendera mapurosesa a mtundu wa ARM, womwe udayambira ku Cambridge ku Mangalande mu 1985. Palinso RISC-V, yomwe idayambira payunivesite ya California ku Berkeley mu 2010, imene aliyense angaigwiritse ntchito osalipira chiphaso. Mwa maganizo anga, sukulu ya m'dziko losauka ngati lathu iyenera kuyang'ana kwambiri kumeneko.

Mutu womwe ine ndimaukonda ndi wa memori. Purosesa ndi yothamanga kwambiri, memori yaikulu ndi yochedwa, moti purosesa ikamadikira nambala kuchokera ku RAM imatha kutaya nthawi yomwe ikadachitira malamulo mazana. Ganizirani za mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe. Milu ingapo ili pabenchi, kasitomala akabwera amangotola. Dengu lili pansi pa benchi, kuwerama pang'ono wapeza. Katundu wina ali kosungira, kumafunika kutuma mwana. Wotsalayo ali ku Lizulu, mpaka galimoto ibwere. Pabenchi ndiye marejisita, dengu ndiye cache, kosungira ndiye RAM, ku Lizulu ndiye disiki. Luso la mayiyo ndi kudziwiratu chimene kasitomala afune kuti chikhale pafupi, ndipo luso la wopanga purosesa ndi lomwelo. N'chifukwa chake laputopu yakale imadzuka mukaichotsa hard disk n'kuikamo SSD, ngakhale purosesa ikhale yomwe ija.

Pali mitu inanso imene sindikhalitsapo: pipeline, pomwe purosesa imayamba lamulo lachiwiri loyamba lisanathe, mapurosesa a mitima ingapo, ndi kalumikizidwe ka zipangizo zakunja monga kiyibodi ndi sikirini. Koma kayezedwe ka liwiro ndikufuna mukamve bwino, chifukwa kakhudza thumba lanu. Tinene kuti pulogalamu ili ndi malamulo 1 biliyoni. Purosesa yoyamba ndi ya 2 GHz ndipo imamaliza lamulo limodzi pa kugunda kumodzi kwa wotchi yake. Yachiwiri ndi ya 3 GHz koma lamulo limodzi limaidyera kugunda kuwiri. Yoyamba imaliza mu theka la sekondi, yachiwiri idutsa pamenepo. Ya nambala yaing'ono yapambana. Ndiye wogulitsa akamakukopani ndi nambala yaikulu ya GHz yokha, dziwani kuti wakuuzani theka la nkhani. Mwana amene wadutsa m'phunziroli ayenera kutha kukufotokozerani zimenezi ali chiimire mushopumo.

Tsopano tibwere ku mayeso.

Malikisi amagawidwa pawiri. Gawo loyamba ndi la ntchito ya m'kati mwa semesita, imene ophunzira amangoti CA. M'menemo muli matesiti, maasayimenti, malipoti a labu, nthawi zina pulojekiti ya pagulu. Gawo lachiwiri ndi mayeso akumapeto, olemba m'holo maola awiri kapena atatu, foni itatsala panja. M'sukulu zambiri mayeso akumapetowa ndiwo amatenga gawo lalikulu. Mafunso asanafike kwa ophunzira amayenera kuunikidwa ndi aphunzitsi ena, ndipo mayunivesite amaitananso katswiri wakunja, external examiner, kudzaona ngati mafunso ndi kachongedwe zili pamlingo woyenera. Zotsatira zimadutsa m'makomiti mpaka ku Senate. Wotsala pang'ono kukhoza amapatsidwa mwayi wolemba sapu. Wolephera kwambiri amabwereza, ndipo wolephera maphunziro ochuluka amatha kuuzidwa kuti alongedze. Pamwamba pa zonsezi pali bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, lomwe limavomereza mapulogalamu a sukulu zaukachenjede m'dziko muno.

Dongosololi palokha ndi labwino, ndipo sindikulinyoza. Vuto langa lili pa mtundu wa funso. Pali funso lakuti jambulani chithunzi cha kompyuta ya von Neumann ndipo tchulani zigawo zake. Pali lakuti perekani kusiyana kusanu pakati pa RISC ndi CISC. Mafunso otere munthu angawayankhe ataloweza usiku umodzi ndi khofi, n'kuiwala zonse Loweruka lisanafike. Ndiye pali funso lina: nayi pulogalamu ya mizere 6, nayi cache ya kukula kwakuti, tiuzeni ndi kangati purosesa ipeze chomwe ikufuna pafupi, ndipo mungasinthe chiyani kuti ifulumire. Funso ili sililola kuloweza. Ukapanda kumvetsa, pepala limakhala loyera. Mayeso odzaza ndi mafunso a mtundu woyamba amatulutsa anthu okhala ndi malikisi okongola amene sangakuuzeni chifukwa chomwe kompyuta ya muofesi ikuchedwera. Ndipo ophunzira si opusa. Amasaka mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, akaona kuti mafunso amangobwerezedwa, amasiya buku n'kuyamba kuloweza mayankho. Ndani angawadzudzule? Wophunzira amawerenga chimene akudziwa kuti chibwera.

Pitani mumsika wa Blantyre kapena wa Limbe, mukaone anyamata okonza mafoni. Ambiri sadapondeko pakhomo la yunivesite. Koma atsegula foni yakufa, ayeza ndi mita, apeza kachipangizo kopsa, akachotsa ndi mpweya wotentha n'kuikapo kena, foni iyaka. Sangakulembereni masamu a cache, komabe manja awo amadziwa njira ya magetsi pabolodi. Wa digiri ayenera kukhala ndi zonse ziwiri, mutu ndi manja. Akatuluka ndi mutu wokha, wodzaza ndi zoloweza, ndiye kuti zaka zinayi kapena zisanu zamupatsa zochepa kuposa zomwe mnzake wapeza pabenchi.

Wina anena kuti labu imafuna zipangizo, zipangizo zimafuna ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunja tonse tikudziwa mmene zikusowera. N'zoona ndithu, mabolodi ophunzirira si otchipa. Koma phunziro ili lili ndi mwayi umene maphunziro ngati a udokotala alibe. Pali mapulogalamu aulere monga Logisim, momwe wophunzira amalumikiza timageti pasikirini mpaka kumanga purosesa yathunthu yoyenda. Pali MARS, yolembera ndi kuyesera assembly ya MIPS. Aphunzitsi awiri a ku Israel, Noam Nisan ndi Shimon Schocken, adakonza maphunziro otchedwa Nand to Tetris, momwe munthu amayamba ndi geti imodzi ya NAND n'kumaliza ndi kompyuta yotha kuyendetsa masewero. Zonsezi zimayenda palaputopu yakaunjika. Choncho kusowa kwa zipangizo sikungakhale chifukwa choyesera phunziroli ndi cholembera chokha.

Chomwe chilidi chovuta ndi moyo wa wophunzirayo. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, ambiri amachita lendi ku Chitawira, ku Nkolokosa, ku Zingwangwa, ku Ndirande. Si onse ali ndi laputopu. Magetsi nawo tikuwadziwa. Mu January 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mphamvu pafupifupi 130 MW, ndipo kuzima kwa magetsi kudakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Asayimenti yopita nayo kunyumba imayesa zinthu ziwiri nthawi imodzi: nzeru za mwana ndi thumba la makolo ake. Wa laputopu yakeyake ndi bando yokwanira amayamba ali patsogolo. Ichi ndi chifukwa china chomwe ndikunenera kuti ntchito yopatsa malikisi ichitikire mulabu ya pasukulu, pomwe onse akhala pamakina ofanana.

Nanga za magulu? Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo kuntchito mainjiniya amagwiradi m'magulu. Koma aliyense amene adaphunzirapo akudziwa mmene gulu la anthu asanu limayendera. Mmodzi kapena awiri amachezera usiku, wina amagula mandasi, otsalawo amangobwera kudzalemba maina pachikuto. Kumeneko n'kudyerana masuku pamutu, ndipo malikisi ofanana amabisa zonsezo. Kuyambira November 2022, pomwe ChatGPT idatuluka, nkhani yafika pena. Lipoti la masamba 10 lofotokoza pipeline makina amalemba madzi a tiyi asanawire. Ngakhale kapulogalamu ka assembly amalemba. Mphunzitsi amene akuchongabe malipoti otere ngati kale akhoza kukhala kuti akupereka malikisi kwa makina.

Mankhwala ake si achilendo. Muitaneni wophunzira aliyense payekha, mphindi zisanu kapena khumi, akhale patsogolo pa ntchito yake. Mufunseni kuti waya uyu akupita kuti, nanga ndikamudula chichitike n'chiyani. Muuzeni awonjezere lamulo limodzi latsopano papurosesa yomwe akuti wamanga. Amene adaigwiradi ntchitoyo maso ake amawala, amayamba kulongosola ngakhale zomwe simunafunse. Amene adakopera amayang'ana kudenga. Ndikudziwa kuti aphunzitsi ena akumva izi akupukusa mutu, poti kalasi ya anthu oposa 100 kuwafunsa mmodzimmodzi ndi ntchito yotopetsa, ndipo mphunzitsi yemweyo ali ndi makalasi ena, kafukufuku ndi misonkhano. Dandaulo limenelo ndi lomveka, ndipo oyendetsa sukulu ayenera kulimva polemba ntchito othandizira mulabu. Koma kuchonga milu ya malipoti okoperana nakonso kumadya nthawi, ndipo phindu lake palibe.

Mwina mukufunsa kuti kodi Malawi, dziko lopanda fakitale yopanga mapurosesa, livutikirenji ndi zonsezi? Yankho lili m'zinthu zomwe tikugwiritsa kale ntchito. Mamita a magetsi olipiriratu, makina a ATM a m'mabanki a mumsewu wa Victoria, nsanja za mafoni, zipangizo zoyezera odwala kuchipatala cha Queens, zowongolera magetsi a dzuwa, zonsezi zili ndi mapurosesa m'kati. Zikavuta, kapena boma ndi makampani akamagula zatsopano, pamafunika munthu womvetsa chomwe chili m'bokosimo, osati wongokhulupirira zolemba za wogulitsa. Chitetezo nachonso chimayambira pansi pomwepo. Mu January 2018 dziko lidadzidzimuka kumva za Spectre ndi Meltdown, mabowo omwe adapezeka m'kapangidwe ka mapurosesa enieniwo, amene akadalola pulogalamu ina kusuzumira zinsinsi za inzake. Vutolo lidachokera ku njira zomwe opanga adaikamo pofuna liwiro, zomwezo zimene ana athu amaphunzira m'masabata omaliza a semesita.

Ndiye inu ophunzira, tulutsani course outline ija muone kuti CA ikutenga malikisi angati, ndipo musadikire sabata yomaliza, chifukwa phunziroli limamangika ngati khoma, wophonya masamu a mabiti assembly imamukana. Inu aphunzitsi ndi akuluakulu a madipatimenti, semesita ikubwerayi sunthirani malikisi ochulukirapo ku labu, ndipo wophunzira aliyense aime yekha afotokoze chomwe wamanga. Inu olemba anthu ntchito, pa intavyu musamangoyang'ana satifiketi, muikireni laputopu yochedwa patebulo anene chomwe chavuta. Ndipo inu bambo, inu mayi, mwana akabwera kutchuthi musangofunsa kuti wakhoza kapena ayi. Mupatseni foni yanu, mumuuze akufotokozereni m'Chichewa chimene chimachitika mukadina batani lotumizira ndalama.